Tsamba la a Mbewe Lomwe Ndinabisa

Ana anga, za kumudzi komwe ndinabadwira ndi za kusukulu mwazimva mpaka kutopa nazo, choncho m'mutu uno ndingolunjika pa ntchito. Mwakhala mukuuza anzanu kuti mayi anu ndi amene anayamba kugwira kompyuta m'boma lonse la Dowa. Si zoona, koma sindinkakutsutsani chifukwa zinkandikoma m'makutu. Chomwe simukudziwa ndi chifukwa chake tinachoka m'nyumba yamalata ija n'kukakhala ku Chezi. Ndinakuuzani kuti inali transifa wamba, ndipo poti munali pasukulu simunafunse zambiri. Lero ndilemba mmene zinayendera.

Malomo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ndinalembedwa ntchito ya utaipisiti m'bungwe lina la mpingo lothandiza alimi. Dzina lake sinditchula, poti ena mwa anthu ake akadali moyo ndipo timakumana m'maliro. Ananditumiza ku Malomo, kukaofesi ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika, komwe ndinapeza tebulo logwedera, taipi yakale ndi kabati ya mafayilo omwe chiswe chinali chitayamba kale kuwerenga. Chosowa chachikulu chinali riboni. Ikafooka tinkaitembenuza, ikafookanso tinkaidontheza inki ya chidindo ndi nthenga ya nkhuku, ndipo ndinkaweruka zala zili bii ngati wogulitsa makala. Bambo anu anandifunsira zala zili choncho, ndiye musamakayike kuti ankandikonda.

Kumeneko ndinadziwana ndi a Mbewe, mlangizi wathu wa zaulimi. Anali munthu wosakhulupirira chilichonse chomwe sanachiyese yekha. Thumba la mbewu likafika, ngakhale likhale losokedwa bwino lili ndi chizindikiro chake, iwo ankatapa njere, kuziyala pachiguduli chonyowa, kuzifunditsa, n'kudikira mlungu kuti aone kuti zamera zingati. Pakhonde pa ofesi sipankasowa ziguduli, ndipo ndinaterereka nazo kangapo. Akuluakulu a kulikulu ankati ndi wamakani, koma alimi ankawabweretsera nkhuku.

Masiku amenewo kalata sinkachoka nthambi ina kupita nthambi ina mwachindunji. Inkayamba yapita kulikulu, kukawerengedwa, kudindidwa, kenako n'kumapita komwe ikupita, ngakhale ikhale yobwereka pampu ya njinga. Sitinkaona chachilendo chifukwa dziko lonse linkayenda choncho. Ine ndinaphunzira msanga kuti taipisiti wabwino amagwira ntchito ndi zala, pakamwa n'kutseka, ndipo khalidwe limeneli linandikwezetsa. Patatha zaka zisanu ndi zitatu anandiitana kulikulu, kufupi ndi Mtengowanthenga, n'kutipatsa nyumba ya bungwe. Bambo anu atamwalira, nyumbayo ndi yomwe inatigwira: inali pafupi ndi sukulu yanu, inali ndi mpopi pakhomo, ndipo palibe wachibale akanabwera kudzati ndi yake.

Kulikulu, zaka zoyambirira za matipate

Zinthu zitasintha m'dziko, nafenso tinalandira bwana watsopano, a Chisale. Anali munthu waukhondo, wophunzira, wosadziwa kukalipa. Akakwiya ankatsitsa mawu mpaka umachita kuwerama kuti umve kuti akukudzudzula. Pamisonkhano ankakonda kunena kuti nthawi yotsekana pakamwa inatha, ndipo ndikhulupirira kuti ponena ankanenadi zochokera mumtima. Ndi iwo anabweretsa kompyuta yoyamba, ndipo anandisankha ine kuti ndiphunzire chifukwa ndinali wothamanga zala. Mlungu woyamba ndinkamenya mabatani mwamphamvu ngati taipi, mpaka iwo anandipempha kuti ndiichitire chifundo.

Patapita zaka zingapo, abwenzi athu akunja omwe ankatithandiza anati akufuna tikhale ndi webusaiti, kuti aziona zomwe tikuchita osadikira lipoti la papositi. Kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe, anapanga masamba oyambirira, n'kundisiyira kope lodzaza zizindikiro zoti ndizikopera. Kumanzere kwa tsamba lililonse kunali mndandanda wa mitu, woti munthu adine n'kupita komwe akufuna: mbiri yathu, nthambi zathu, mbewu, ziweto, nkhani. Umenewu ndi womwe amati menyu. Lero mukuuona pafoni osauganizira n'komwe, koma nthawi imeneyo menyu ndinkaitaipa ndi manja, patsamba lililonse payokha. Masamba atakwana makumi anayi, kuwonjezera mutu umodzi kunkatanthauza kutsegula masamba onsewo limodzi limodzi. Magetsi akathima pakati, theka la masamba linkanena kuti tili ndi nthambi zinayi, theka lina zitatu.

Ndiye panali nkhani ya ulemu. Abusa ena a m'bodi yoyang'anira bungwe anadandaula kuti Chezi, nthambi ya dzulodzulo, ili pamwamba pa Malomo yomwe inayamba kalekale. Ndinatha masiku atatu ndikutsitsa Chezi patsamba lililonse. Nditangomaliza, wina anati ziweto zisakhale pamwamba pa nkhani za amayi. Ndinkang'ung'udza, msana unkawawa, komabe ndisakunamizeni: ntchitoyo inkandipatsa kakunyada. Chomwe ine sindinataipe pamenyu, kunja sichinkadziwika kuti chiliko. Alangizi ankanditumizira nthochi ndi mtedza kuti nkhani zawo zisachedwe, ndipo sindinabwezepo.

Chaka chomwe menyu inayamba kudzilemba yokha

Zipani zitakwanitsa pafupifupi zaka khumi, abwenzi aja anatumiza mai Lungu, katswiri wa makompyuta wochokera ku Lilongwe, kuti atiikire pulogalamu yatsopano yosungira masamba. Anatsika minibasi ali ndi kachikwama ka masidi, ndipo atangoona kope langa la zizindikiro anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako n'kupepesa. Anandifotokozera kuti m'pulogalamu yatsopanoyi munthu amangolemba tsamba, kulipatsa mutu, kusankha gulu lomwe likhalemo, basi. Menyu imadzikonza yokha pamasamba onse nthawi imodzi, ndipo chatsopano chimakwera pamwamba. Anayesa ndikuona. Ntchito yomwe inkanditengera masiku atatu inatha ndisanameze tiyi. Ndinasangalala, komanso penapake ndinamva ngati andilanda makiyi a nyumba.

Chachikulu chinali chakuti nthambi iliyonse inapatsidwa pasiwedi yake, kuti izilemba yokha osadzera kwa ife. A Chisale sanakondwe nazo kwenikweni, koma abwenzi ndi amene anafuna, ndiponso iwo eni anali atalalikira kwambiri za ufulu woti n'kubwerera m'mbuyo. Kumbukirani kuti nthambi zathu zinalibe lamya, ndipo imelo inali imodzi yokha, ya kulikulu, yotsegula bwana. A Mbewe ankakwera njinga yamoto Lachisanu lililonse kupita kuboma la Ntchisi kukabwereka lamya ndi kompyuta. Mai Kamwendo, mlangizi wa ku Chezi, ankakwera minibasi Lolemba kupita kuofesi ina yomwe inkawalola ola limodzi. Nthambi ziwiri zotsalazo nazonso tsiku lawo linali Lolemba. Choncho webusaiti ija inasanduka malo okhawo omwe alangizi ankamverana mwachangu popanda chidindo cha munthu.

Wowaphunzitsa ndinali ine, ndipo ndinkaphunzitsa modzimva. Mai Kamwendo anali mayi wodekha, wa msinkhu wanga, woopa makina koma wakhama, wolemba chilichonse m'kope. Anandifunsa kuti, poti ola ndi lochepa ndipo intaneti imakwawa, adziwa bwanji ngati kwabwera uthenga wofunika. Ndinawayankha mawu omwe ndikuwakumbukira mpaka lero: "Musavutike n'kufufuza. Chatsopano chilichonse chimadzilemba chokha pamwamba pa menyu. Mukapanda kuchiona, ndiye kuti kulibe." Iwo analemba mawuwo n'kuwadula mzere kunsi.

Tsiku lomaliza, mai Lungu anandionetsa ine ndekha kanthu kena. Kuseri kwa tsamba lililonse, komwe amakonzera, kunali kabokosi kochongedwa kale. Ukachotsa chongicho, tsamba limakhalapobe, silifufutika, koma limachoka pamenyu ndipo palibe njira yolifikira. Anati n'kothandiza ngati tsamba silinamalizidwe. Palibe anandituma, koma mawa lake ndinakaonetsa a Chisale kabokosiko, pofuna kuti aone kuti ndikadali wofunika muofesi.

Lachisanu lina, mvula ili pafupi

Chaka chimenecho anthu anali asanaiwale njala, ndipo aliyense ankayang'ana kumwamba ndi mantha. Mbewu ya chimanga yoti tigawire makalabu a alimi inali yotsala chaka chatha, ndipo inagonera m'shedi yathu yomwe denga lake linkadontha pakona. Tonse tinkadziwa za dengalo, koma matumba ankaoneka bwinobwino kunja. Lole inapereka mbewu ku Malomo ndi ku Chezi, kenako dizilo anasowa, nthambi ziwiri zija n'kutsala zikudikira.

Lachisanu titangochoka kokadya, ndinatsegula webusaiti n'kupeza mutu watsopano pamwamba penipeni pa menyu: Mbewu ya chimanga sikumera. Anali a Mbewe. Analemba mwachidule, monga mwa khalidwe lawo, kuti ayesa matumba onse omwe analandira, kuti pa njere khumi zikumera zitatu kapena zinayi, kuti iwo sagawa, ndipo nthambi iliyonse iyambe yayesa isanapereke kwa alimi. Mutuwo unali patsamba lililonse, ngakhale pa tsamba la moni wa bwana, pambali pa chithunzi chawo.

Sipanathe theka la ola a Chisale anandiitana. Anatseka chitseko okha n'kukhala pansi, mawu ali pansipansi. Anati a Mbewe ndi munthu wabwino koma wopupuluma, kuti mwina chiguduli chawo chinali ndi vuto, kuti abwenzi akunja akaona mutu wotere aganiza kuti bungwe lonse lavunda pomwe nkhani ndi ya matumba ochepa.

"Sindikuti mulifufute, Mai Phiri," anatero. "Ine sindifufuta mawu a munthu, nthawi imeneyo inapita. Mungochotsa kachongi kaja munandionetsa, mpaka nditayesa ndekha mbewuyo. Mlungu umodzi basi."

Ndinawauza kuti mbewu ya ku Chezi inachokera pakona yomweyo ya shedi, poti makalata otumizira katundu ndinataipa ndine. Anayankha kuti mvula yobzalira ikadali milungu iwiri kutsogolo, ndipo kwa mai Kamwendo atumiza uthenga okha. Kenako, ndikunyamuka, anandifunsa kuti ana akupeza bwanji m'nyumba muja, komanso ngati mpopi ukutulutsabe madzi. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kundiopseza kapena ulemu chabe, chifukwa anali munthu wofunsa za ana nthawi zonse. Koma ine ndinamva mantha. Iwe Tiyamike unali pafupi kulemba mayeso a Fomu 4, ndipo ndinaona m'maganizo katundu wathu ali panja.

Ndinabwerera patebulo langa, ndinatsegula tsamba la a Mbewe, n'kudina kabokosi kaja. Mutu unachoka pamasamba onse nthawi imodzi, wapansi pake n'kukwera, osasiya ngakhale kampata kosonyeza kuti panali kanthu. Ikanakhala menyu yakale yotaipa ndi manja, ndikanafunika masiku atatu, ndipo mwina pofika tsamba lakhumi manyazi akanandigwira dzanja. Apa zinatha ndisanapume kawiri. Ndinadziuza kuti sindinafufute chilichonse, ndinatseka kompyuta, n'kupita kukagula matemba.

Mlungu wotsatira

Loweruka a Chisale anapita kumaliro kwawo, ndipo anabwerako Lachiwiri. Uthenga wa ku Chezi sanatumize. Sindikuganiza kuti anachita dala. Anaiwala, monga amaiwalira munthu chinthu chomwe sakufuna kuchikumbukira. Chiguduli chawo anachiyala Lachiwiri lomwelo kuseri kwa ofesi. Ine ndinkadziwa kuti Lolemba mai Kamwendo anali atakwera kale minibasi kukaona menyu, koma ndinadzitonthoza ndi mawu a bwana akuti mvula ili kutali. Ndikanatha kulemba kakalata n'kupatsira kondakitala aliyense. Sindinatero, chifukwa ndinali nditazolowera kuti kalata siyenda popanda chidindo, ndipo chizolowezicho chinandipatsa pobisala.

Lachitatu kunagwa mvula yamphamvu mbali ya kum'mawa. Kwathu kunangowaza. Lachinayi dalaivala wathu, a Banda, analowa muofesi akusangalala kuti dizilo wapezeka, ndipo Lolemba anyamula mbewu ya nthambi ziwiri zotsala. Pocheza anawonjezera kuti ku Chezi zinthu zili bwino, mai Kamwendo anagawa mbewu Lachiwiri, ndipo anthu ali balalabalala m'minda kubzala. Ndinatuluka kukavundukula chiguduli cha bwana ngati kuti masiku awiri angandiuze kanthu, ndipo ndinapeza njere zili phee, zina zitayamba nkhungu.

Tsiku lonselo ndinataipa zolakwika zokhazokha. Za ku Chezi zinali zitachitika kale, koma nthambi ziwiri zinali zisanalandire, ndipo alangizi ake akaona menyu Lolemba m'mawa, lole isanafike. Ndikadikira kuti mlungu wa bwana ukwane, ndiye kuti nawonso agawa. Ndinaganiza za nyumba, za mayeso, za zaka zonse zomwe ndinagwira popanda kalata yochenjeza ngakhale imodzi. Sindinali wolimba mtima, musandijambule choncho. Ndinangoona kuti midzi iwiri ina sindingathe kuisenza pamwamba pa Chezi.

Lachisanu m'mawa ndinabwezera chongi chija, mutu n'kubwerera pamalo pake. Kenako ndinakagogoda kwa a Chisale n'kuwauza ndekha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa kuti ankayesa ndine munthu womvera. Sanandiuze kuti ndichotsenso. Masana a tsiku lomwelo a Mbewe anafika kuboma la Ntchisi, napeza tsamba lawo lili pamwamba monga analisiyira, ndipo mpaka imfa yawo sanadziwe kuti linasowapo. Lolemba nthambi ziwiri zija zinakana mbewu. Abwenzi akunja anafunsa mafunso, chiguduli cha bwana chinavomereza zomwe a Mbewe ananena, ndipo mbewu ina inapezeka mothamanga. Koma ku Chezi mizere inamera mwa apo ndi apo. Anthu anapakiza mochedwa, ena ndi chimanga cha m'nkhokwe chomwe ankasungira ana.

Bodi inakhala pansi mwezi wotsatira, ine ndikulemba zokambirana. Funso linali limodzi: bwanji Chezi inagawa mbewu Lachiwiri pomwe chenjezo linalembedwa Lachisanu la m'mbuyo mwake? Tsikulo linali kunsi kwa tsamba, lolembedwa ndi makina. Mai Kamwendo anaimirira n'kunena kuti Lolemba anayang'ana pamenyu ndipo sanaone kanthu. A Chisale ankayang'ana mapepala awo. Abusa omwe ankatsogolera anatembenukira kwa ine.

"Mai Phiri, inu ndi amene mumadziwa makinawa. Kodi angathe kudumpha tsamba paokha?"

"Paokha sangathe, abusa," ndinayankha.

Palibe anafunsa funso lachiwiri, ndipo ine sindinawonjezere. Aliyense m'chipindamo anali atamva kwa ine ndemwe kuti menyu imadzilemba yokha, choncho wolakwa anayenera kukhala wowerenga. Mai Kamwendo anapatsidwa kalata yochenjeza chifukwa cha kusasamala, ndipo woitaipa ndinali ine. Patatha milungu itatu inabwera yanga, yonditumiza ku Chezi kuti ndikathandize mlangizi wa kumeneko pa za kompyuta. Nyumba inapatsidwa kwa wina.

Chezi, kuyambira dzinja lomwelo mpaka kukolola

Wotilandira anali mai Kamwendo omwewo. Anatipezera nyumba yalendi, anatibwereka mbaula ndi ndowa, ndipo tsiku loyamba anatitumizira mbatata yophikaphika. Mukukumbukira kuti munkawakonda. Ine ukoma wawo unkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinkayenda nawo m'minda n'kuona ndi maso anga mapando opanda kanthu, ndi chimanga chopakiza chofupika pafupi ndi chinzake. Ndinaonanso mmene anthu ankawachitira. Mayi yemwe kale ankaitanidwa pachinkhoswe chilichonse tsopano ankadutsa pamjigo anthu n'kukhala chete. Amayi ena a m'kalabu, makamaka a Nasoko omwe munda wawo wonse unakanika, anasiya kuwapatsa moni, ngakhale kutchalitchi. Iwo sankadandaula. Ankati anthuwo akulondola, poti anawakhulupirira.

Anali atayamba kuvala magalasi. Anandiuza kuti atachoka kubodi kuja anapita kukayezetsa maso, ndipo ngakhale adokotala anati vuto ndi lochepa, iwo anaumirira. Lolemba lililonse tinkakwera limodzi minibasi, ndipo akakhala pakompyuta ankawerenga menyu kawiri, chala chili pasikirini, kenako n'kundipempha kuti ndiwerengenso mokweza kuopa kuti adumphanso mzere. Ine ndinkawerenga. Miyezi isanu ndinawerenga mokweza, mlungu ndi mlungu, ndikudziwa kuti mayiyu sanadumphepo mzere chibadwire.

Linali Lolemba lina nthawi yokolola, tikudikira minibasi yobwerera, pomwe ananena mwakachetechete kuti akuganiza zopuma ntchito msanga, chifukwa munthu amene maso ndi mutu zayamba kumunamiza sayenera kusunga mbewu za anthu. Apa ndiye ndinalephera kupirira. Ndinawauza zonse, titaima pambali pa msewu: za kabokosi, za Lachisanu lija, za yankho langa kubodi. Sindinabise mbali ya a Chisale, koma sindinabisalenso kumbuyo kwawo, poti chala chinali changa.

Minibasi imodzi inaima n'kupita, ife osakwera. Kenako mai Kamwendo anavula magalasi aja n'kuwayang'ana.

"Ndiye kuti tsamba lija panalibe?"

"Panalibe, mayi."

"Ndinayang'ana bwino?"

"Munayang'ana bwino."

Anapuma mozama, ndipo misozi inatsika koma nkhope sinasinthe. Ndinayamba kupepesa, iwo n'kukweza dzanja. Anati za iwo ndi ine tidzakamba tsiku lina, akadzapeza mawu, koma mbewu ija sanabzale ndi iwo, anabzala ndi alimi. Kalabu ikumana Lachinayi, ndipo ngati ndili ndi chonena ndikanene kumeneko.

Ndinapita. Anthu anakhala pamabenchi m'kalasi ya sukulu ya mpingo, ena pansi, ndipo nkhani ya tsikulo inali ya kasungidwe ka chimanga chochepa chomwe anapeza. Wapampando atandipatsa mpata ndinaimirira. Ambiri mwa iwo anali asanaonepo kompyuta, choncho ndinanena mosazungulira: chenjezo la mbewu linalembedwa nthawi yabwino, ine ndinalibisa mlungu wathunthu poopa kutaya nyumba, alangizi anu anayang'ana ndipo panalibe choti aone, ndipo atawaimba mlandu ine ndinakhala chete. Ndinanenanso kuti ndalembera bodi kalata yonena zomwezi, kuti kalata yochenjeza yomwe mai Kamwendo anapatsidwa ichotsedwe m'fayilo yawo.

Ndinakhala pansi. Wina anatsokomola, mwana analira kumbuyo n'kutonthozedwa. Kenako a Nasoko anadzuka, anakonza chitenje, n'kuyenda kubwera kutsogolo. Ndinaweramitsa mutu kudikira zomwe zinkandiyenera. Anandidutsa ngati palibe munthu, anakagwada pamaso pa mai Kamwendo, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwaswera bwanji, alangizi?"

Amayi ena anatsatira, mmodzi mmodzi, mpaka mzere unafika pakhomo. Ine tsiku limenelo palibe anandipatsa moni, ndipo sindinauyembekezere. Ndinatuluka ndekha n'kubwera kunyumba kudzakuphikirani.